Chala cha Yotamu

Ine ntchito yanga n'kujambula mapepala
pa Kamwendo, kuseri kwa chigayo,
magetsi akakhalapo.
Zolembedwazo sindiwerenga.
Ndimawerenga makwacha.

Ndaziona anayamba kubwera ali Fomu Wanu,
siketi yofika m'akakolo, yogulidwa kuti akuliremo,
atatumidwa ndi aphunzitsi a Chikuse:
makope makumi asanu a lipoti la bwana wa boma,
la nthawi ija Mchinji ankatchedwa Fort Manning.
Makina akulavula, iye n'kumawerenga mokweza,
akumasulira m'Chichewa ngati ali pa guwa:
"Anthu a kuno anabwera mokondwa kudzalambula msewu."
Ndinafunsa mongocheza: mokondwa zoona?
"Zalembedwa," anatero,
n'kunyamula mapepala ake, ulendo.

Teremu yachitatu anabwera ndi pepala lomwe lija,
m'mphepete mwake pensulo itapalasa ngati nkhuku.
Walemba ndani? Amalembera yani?
Akanalemba kuti anthu ankathawira kuphiri,
akuluakulu ake akanamutani?
Pansi pa mawu oti "mokondwa" anadula mizere iwiri.
"Achimwene, munthu wokondwa
amamuperekeza ndi asilikali anayi?
Onani ndime yachitatu,
pomwe akuwerengera ndalama za phoso lawo."
Mlembi anabisa chingwe m'ndime yoyamba,
n'kuiwala kuti yachitatu ili ndi pakamwa.

Kuchokera apo mwanayo anavuta.
Pepala lililonse linasanduka labodza:
lisiti langa, kalendala ya kampani ya feteleza,
ngakhale kalata ya ubatizo ya mayi ake.
Ndinamva kuti a Chikuse anamukhazika pansi:
wokana zonse ndi wovomera zonse ndi pachibale,
onse awiri amaopa thukuta.

Chaka chino, mvula yoyamba itangogwa,
anatulukira ndi chitini cha mabisiketi chadzimbiri.
Munali chiphaso cha msonkho cha agogo a mayi ake,
Yotamu, amene kalaliki anamulemba Jotam,
chala chake chili m'munsi, chakuda ngati nthudza yakupsa,
ndi kalata yochokera ku mafamu a ku Halale:
"Ndili bwino. Ndibwera fodya akatha."
Banja lonse linailoweza kalatayi ngati salimo.
Fodya anatha kambirimbiri.
Ena amati anakwatira konko, n'kusanduka mtchona.

Anaika ziwirizo pagalasi la makina, moyandikana.
Anakhala duu.
Magetsi anathima, n'kuyakanso.
"Munthu wodinda chala mu Juni
sangalembe zilembo zopendekeka bwino chonchi mu Okutobala.
Wina anamulembera.
Nanga envulopu iyi," anaitembenuza,
"chidindo chafufutika, koma zinayi zatsala:
H, O, S, P."

Ndinati basi, anafera m'chipatala, nkhani yatha.
Anandiyang'ana ngati ndaponda pa nazale.
"Sindinatero ine. Mwina ankadwaladi.
Mwina womulembera ndiye ankagwira ntchito kumeneko.
Mwina envulopuyo anangotola.
Pepala laima apa, inenso ndaima pomwepa.
Loweruka ndipita ku Mkanda kwa a Nasimango,
akuti mlongo wawo anakwera naye lole imodzi ya Mthandizi.
Nawonso ndikawafunsa kuti anamva kwa yani."

Ndinajambula makope awiriawiri.
Chala cha Yotamu chinatuluka chakuda kuposa chenicheni,
mizere yake ikuzungulira
ngati munda wolimidwa m'mbali mwa chulu.
Ndinachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ntchito imafunira,
kenako ndinayang'ana changa, chodetsedwa ndi inki.

Ndalama ndinakana. Anaumirira.
Atalipira anapempha lisiti,
n'kuima pomwepo mpaka nditalemba tsiku bwinobwino,
mwezi, chaka, ndi dzina langa lonse,
osati kachizindikiro kanga ka masiku onse kaja.
"Kuti wodzalipeza asadzavutike," anatero,
n'kuliponya m'chitini, pamwamba pa Yotamu.